Sanapezeke Pakhomo

Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya upolisi, ndinali ndisanaonepo wakuba wolowa mu ofesi yodzaza makompyuta n'kutulukamo atanyamula mapepala okhaokha. N'chifukwa chake atandiimbira Lachiwiri masana kuti ku bungwe lina lochita kawuniwuni wa ntchito za boma kwabedwa katoni ya mafomu, ndinayamba ndaseka. Sabata imeneyo sindinasekenso.

Mkulu wa bungwelo anandilandira pamasitepe. Anali bambo wamtali wa magalasi, amene antchito awo amawatcha a Peresenti akakhala kulibe, chifukwa satha kulankhula mphindi ziwiri osatchula peresenti.

"A Sajeni, musaone ngati ndi mapepala chabe," anatero tikuyenda. "Muli mayina a anthu, matenda awo ndi manambala awo a foni. Tinalonjeza kuti palibe munthu wakunja adzawaone."

Anandilowetsa m'kachipinda kopanda zenera. Pa shelefu yachitsulo panali makatoni khumi ndi imodzi, iliyonse ndi nambala yake yolembedwa ndi inki yakuda. Pakati pa sikisi ndi eyiti panali mpata. Loko wa pachitseko anali bwinobwino, wopanda ndi chikanda chomwe.

"Ndi mafomu a chiyani?" ndinafunsa.

Anafotokoza mofulumira, ngati munthu amene wanena zimenezi m'misonkhano yambiri. Boma lili ndi ndondomeko yoti anamwino aziyendera okalamba odwala BP ndi shuga m'makomo mwawo kamodzi pa sabata. Chaka chatha unduna unayesa njira ina m'madera angapo: unachotsa anamwinowo, n'kuyamba kutumiza uthenga pafoni wokumbutsa okalamba kumwa mankhwala. Bungwe lawo linapatsidwa ntchito yoyenda khomo ndi khomo kuti lione njira imene ikuthandiza.

"Zotsatira zake n'zosakayikitsa. M'madera a uthenga, 91 peresenti ya okalamba amene tinawapeza ali bwino. M'madera a anamwino, 88. Lipoti linapita kale. Lachisanu komiti ya ku unduna ikhala pansi, ndipo ikavomereza, anamwino asiya kuyenda m'makomo dziko lonse."

M'mawa womwewo ndinali nditasiya anesi, mmodzi wa anamwino amenewo, kwathu akupima mayi anga. Mayi ali ndi zaka 78, maso anachita khungu, ndipo foni ikalira amaigwira chozondoka n'kumakuwira kumene kulibe khutu. Anesi aja ndi amene anaona miyendo yawo ikutupa chaka chatha, ine mwana wawo ndikungoti anenepa. Ndinachita mantha, koma ndinali nditavala yunifolomu, choncho ndinangofunsa kuti anazindikira liti za kubako.

"Lero m'mawa. Mawa kukubwera galimoto ya makina onyenya mapepala. Lamulo lathu ndi lakuti lipoti likatuluka, mafomu awonongedwe. Powerenga makatoni tinapeza imodzi kulibe. Ine ndikuti mangani mlonda."

Ndinali nditapisa dzanja mumpata muja, ndipo zala zanga zinagwira kakhadi kachikasu.

"Aa, kameneko n'ka muno," anatero a Peresenti. "Wochotsa katoni amasiya khadi pamalopo, n'kulembapo dzina ndi tsiku."

Dzina panalibe. Koma tsiku linalipo, la dzulo lake, lolembedwa bwino ndi bolopeni: choyamba chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto. Ndinakaponya m'thumba. Wakuba wathu anali munthu womvera malamulo a ofesi mpaka pa tsiku lakuba.

* * *

Mlonda ndinamupeza atakhala pa mpando wothyoka mwendo m'kanyumba ka pageti. Nkhani yoti amangidwa inali itamufika kale, ndipo anali atavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Bwana, ine kuba mapepala? Kuwerenga kwake n'kwa magalasi obwereka! Ndikanati ndibe muno, si ndikanayambira ketulo ya magetsi ija? Zaka khumi ndi zitatu pageti pano, ngakhale tsache silinasowepo. Koma chikasowa chinthu, wosauka ndiye amanunkha."

"Palibe amene akukumangani, abambo. Dzulo masana anatuluka ndani ndi katundu?"

"Dzulo? Onse anatuluka kukadya."

"Ndati ndi katundu."

Anayang'ana chipewa chake kwa nthawi. Kenako anapukusa mutu.

"Mwana wa pa kompyuta uja, amene timamuti Zala Khumi. Anali ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere. Anati ndi zovala za malemu bambo ake, akukapereka kwa ovutika. Ndinamuthandiza kukweza pa njinga yamoto, cholemera ngati muli njerwa. Koma bwana, ameneyo musamuganizire zoipa. Chiikireni bambo ake mwezi wachitatu uno, mwana uja sanasekepo. Amangoti tayitayi pa kompyuta paja, tiyi kuzizira pambali."

Anazindikira mochedwa kuti wanena zambiri, ndipo anadzigwira pakamwa.

* * *

Zala Khumi anali mayi wa zaka za m'ma 30, woonda, wovala juzi yaimuna yomukulira. Ntchito yake inali yolowetsa mu kompyuta mayankho a pa mafomu, ndipo anali mmodzi mwa anthu anayi okhala ndi kiyi wa kachipinda kaja. Ankalankhula motsitsa mawu, mwachidule, maso ali pa tebulo.

"Dzulo masana munali kuti, mayi?"

"Ndinapita kunyumba."

"Kukatani?"

"Kukasiya katundu."

"Zovala za bambo anu? Mwati zinachoka kunyumba, n'kubwera ku ofesi, n'kubwereranso kunyumba?"

Ndinamupatsa pepala kuti alembe zimene wanenazo, asaine, aikepo keyala ya kunyumba kwake ndi tsiku. Analemba mizere itatu. Pofika pa tsiku dzanja linayenda lokha: chaka, mwezi, tsiku. Kompyuta yake imafuna choncho, ndipo zaka khumi za ntchito zinali zitamulowa m'zala.

Ndikanatha kumumanga pomwepo. Khadi linali m'thumba mwanga, mlonda anali pageti. Koma wakuba amene amasiya makompyuta n'kusankha katoni imodzi pakati pa khumi ndi ziwiri amakhala ndi chifukwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuthokoza n'kupita kukafunsa a Peresenti kuti mafomu a mu katoni nambala seveni anadzaza ndani.

"Mphunzitsi wina wopuma ntchito. Dera la uthenga limenelo. Munthu wovuta, wofunsa mafunso ambiri kuposa amene tinamutuma."

* * *

Lachitatu m'mawa ndinawapeza aphunzitsiwo akuthirira maluwa m'zitini pakhonde pawo. Anandikhazika pampando, iwo n'kuima, ngati ndili m'kalasi.

"Mwana wanga, tiyambe ndi poyambira. Funso lopotoka limabala yankho lopotoka. Mwamva? Pamwamba pa fomu iliyonse panali malo atatu ochongapo. Loyamba, anapezeka. Lachiwiri, anakana kuyankha. Lachitatu, sanapezeke pakhomo. Tsopano ndikufunseni inu. Nanga munthu amene anamwalira, muchonga pati?"

Ndinasowa choyankha.

"Inenso ndinasowa. Tsiku la maphunziro ndinakweza dzanja. Anandiuza kuti, 'Abambo, fomu inavomerezedwa kale ndi akuluakulu, chongani chimene chayandikira.' Anzanga anaseka, akuti aphunzitsi ayamba. Ndiye ndinkachonga lachitatu. Koma ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti bodza ndi bodza ngakhale lalembedwa mwaukhondo. Choncho m'mphepete mwa pepala ndinkalemba ndi pensulo: anamwalira, mwezi wakutiwakuti."

"Angati?"

Apa mawu a m'kalasi aja anatha. Anakhala pansi pa sitepe, chithirira chili m'manja.

"Makumi anayi ndi mmodzi, mwa makomo mazana atatu. Pena ndinkapeza mipando yobwereka ikadali panja. Pena agogo aakazi atatsala okha, akundionetsa mabotolo a mankhwala a amuna awo, osatsegula n'komwe. Khomo lina la geti yobiriwira ndinafika maliro ali m'nyumba. Ndinavula chipewa, ndinakhala kumbuyo mpaka nyimbo zitatha. Kenako ndinatuluka pamsewu, ndinatsamira mpanda, n'kuchonga kuti sanapezeke pakhomo. Dzanja ili, mwana wanga. Mpaka lero ndikaliyang'ana limandichititsa manyazi."

"Nanga kompyuta imachita nawo chiyani anthu osapezekawo?"

"Imawachotsa. Amawerengera okhawo amene anapezeka. Odwalitsa akamwalira, otsala onse amaoneka athanzi. Mwana wa sitandade faifi angakuuzeni zimenezo."

Ndinayang'ana keyala imene Zala Khumi analemba pa pepala langa, ndipo ndinafunsa aphunzitsi msewu wa nyumba ya geti yobiriwira ija. Unali womwewo.

* * *

Zala Khumi sanabise kanthu. Anatsegula geti asanandifunse chimene ndabwerera, n'kunditsogolera kuchipinda cha kumapeto. Munali bedi loyalidwa bwino, ndodo yoyendera itatsamira khoma, nsapato zaimuna zitandandalikidwa pansi. Katoni nambala seveni inali pabedi, mafomu atasanjidwa milu iwiri, waukulu ndi waung'ono. Pa katebulo panali foni yakale ya mabatani, ili pa chaja.

"Muno munkagona bambo," anatero. "Mundimange, a Sajeni. Ndatopa."

"Khalani pansi kaye, mayi. Munawauza abwana anu?"

"Kawiri. Koyamba anati za m'mphepete si mayankho, mayankho ndi zimene zachongedwa. Kachiwiri anati lipoti lapita, madzi akatayika saoleka. Fomu ngakhale imodzi sanaigwirepo. Iwo amaona manambala pa sikirini. Mapepala ndimagwira ndine."

Foni ija inanjenjemera pa katebulo. Tonse tinaiyang'ana. Inali itakwana thwelofu koloko.

"Ndi uthenga," anatero. "Umabwera tsiku lililonse nthawi ino. 'Kodi mwamwa mankhwala anu lero?' Palibe amene anawauza a ku unduna kuti asiye. Ndimati ndiizimitse, koma dzanja limakana."

Anaitenga n'kundionetsa. Mauthenga osatsegula analipo oposa mazana atatu.

"Bambo sankaona timalemba timeneti. Ndikawafunsa madzulo ankati, 'Ndamwa, mwanawe, usandiyese khanda.' Anesi akanabwera akanawerenga mapilisi m'botolo, monga ankachitira kale. Akanawakanikiza mwendo ndi chala. Ine ndinkachoka m'mawa, kubwera madzulo, n'kumalowetsa mu kompyuta za makolo a anthu ena. Atagwa m'bafa, m'botolo munali mapilisi a miyezi iwiri."

Analira mopanda phokoso, misozi ikungogwera pa juzi ya bambo ake ija. Inenso m'maso munandidzadza, chifukwa ndinkaona mayi anga atagwira foni chozondoka m'chipinda chofanana ndi chimenechi.

Apa ndinagwira njakata. Ndikabweza katoni kwa eni ake, ikalowa m'makina. Ndikaitsekera m'chipinda cha umboni kupolisi, ikhala momwemo mpaka mlandu udzalowe m'khoti, Lachisanu litadutsa kalekale. Kuitengera ndekha ku unduna sindikanatha, chifukwa sajeni wonyamula matenda a anthu m'katoni sangapitirire ndi pageti pomwe, ndipo mawa lake yunifolomu akanandivula. Munthu mmodzi yekha amene komiti ikanamumvera ndi amene analemba lipoti, yemweyo amene sankagwira mapepala.

Kenako ndinakumbukira kalamulo kena ka kupolisi kamene tonse timadana nako chifukwa kamadya nthawi. Ndinanyamula katoni, n'kumuuza mayiyo kuti mawa lake afike ku siteshoni eyiti koloko.

* * *

A Peresenti anafika Lachinayi m'mawa akumwetulira, kiyi wa galimoto akumuzunguza pa chala. Ataona Zala Khumi pa benchi, ndi aphunzitsi amene ndinawaitana ngati mboni pambali pake, kumwetulira kunachepa.

"Ndi katoni yathu imeneyi. Ndisaine pati? Ndili ndi zambiri zokonzekera mawa."

"Pepani bwana, chimene munadandaula kuti chabedwa ndi mafomu, osati katoni. Katundu wopezeka, mwini wake amayenera kumuzindikira chimodzichimodzi pamaso pa mboni. Muziwerenga mokweza nambala ya fomu ndi zonse zolembedwa patsamba loyamba, ine ndizilemba."

"Mafomu mazana atatu? Mukuseka?"

"Tiyambe ndi mulu waung'onowu."

Anakhala pansi mokwiya, n'kukoka fomu yoyamba. "Nambala 12. Sanapezeke pakhomo." Anafuna kuiika pambali.

"Zonse zolembedwa, bwana. Ndi za pensulozo."

Anaipendeketsa kuti aone bwino. "Anamwalira, mwezi wa Malichi."

"Yotsatira."

"Nambala 19. Sanapezeke pakhomo. Anamwalira, mwezi wa Juni."

Zisanu zoyambirira anawerenga ngati akuwerenga mndandanda wa katundu. Pofika yachisanu ndi chinayi anasiya kuyang'ana wotchi. Pofika ya makumi awiri mawu anali atasasa, ndipo wapolisi mnzanga amene ankalemba zake patebulo lina anaika bolopeni pansi. Aphunzitsi ankagwedeza mutu pa nambala iliyonse, ngati akuyankha moni wa munthu amene akumudziwa.

"Nambala 204. Sanapezeke pakhomo. Anamwalira, ndafika tsiku la maliro."

"Analipo, bwana."

Anali Zala Khumi. Sanakweze mawu.

"Analipo pakhomo tsiku limenelo. Anali pabalaza, m'bokosi, ine nditakhala pambali pawo. Patatha masabata atatu fomu imeneyo inafika patebulo langa. Ndine amene ndinalowetsa mu kompyuta kuti bambo anga sanapezeke pakhomo, chifukwa kompyuta inalibe pena pondilola kulemba."

A Peresenti anavula magalasi. Popanda magalasiwo ankaoneka wokalamba ndiponso wamantha. Anandipempha bolopeni, n'kuyamba kuwerengetsa kuseri kwa envelopu. Anawerengetsa kawiri.

"79," ananong'ona. "Tikawabwezeramo, dera limeneli likutsika kufika pa 79. Koma iyi ndi katoni imodzi. Pafunika kuona madera onse, ndi a anamwino omwe, ngati ena analembanso m'mphepete..."

"Tiyeni tikatenge makatoni enawo," ndinatero, nditaimirira kale.

A Peresenti sanadzuke. Anayang'ana envelopu ija, kenako anayang'ana ine.

"Galimoto ija inabwera dzulo, a Sajeni. Teni koloko."

Teni koloko ya dzulo lake ine ndinali pakhonde pa aphunzitsi, ndikumva nkhani yonse. Foni inali m'thumba mwanga. Mawu awiri okha akanaimitsa makinawo, koma maganizo anga onse anali pa katoni yosowa, osati pa khumi ndi imodzi zimene zinalipo. Kulakwa kumeneko n'kwanga, ndipo ndidzapita nako kumanda.

"Atsala angati?" anafunsa a Peresenti, akuloza mulu waung'ono uja.

"Khumi ndi anayi."

Anavala magalasi n'kutenga fomu yotsatira, popanda wowauza.

* * *

Lachisanu a Peresenti anakaima pamaso pa komiti n'kunena kuti lipoti lawo lili ndi bowo. Ndinamva kuti ena anapsa mtima, ena anati katoni imodzi si umboni, mwina dera limenelo linangogwa tsoka. Pomaliza sanathetse ndondomeko ya anamwino, komanso sanaibwezeretse kumene inachotsedwa. Anati kawuniwuni achitidwenso, ndi fomu ya malo anayi, ndipo adzakumananso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Kufikira nthawi imeneyo, m'madera a uthenga mafoni azilirabe thwelofu koloko.

Mlandu a Peresenti anauchotsa. Koma akuluakulu a bungwe anati wotulutsa zinsinsi za odwala mu ofesi sangakhalenso pa ntchito, kaya anali ndi chifukwa chotani. Lolemba Zala Khumi anakatenga kapu yake ndi kapilo ka pampando, ndipo mlonda anamuperekeza mpaka pamsewu chipewa chili m'manja.

Lachiwiri ndinachedwa dala kupita kuntchito. Anesi anagogoda nthawi yawo, chikwama paphewa.

"Mwabwera, apongozi?" anatero mayi, amene amawatcha choncho ngakhale alibe mwana wamwamuna woti awapatse. "Ndimati mwandithawa."

"Ndikuthaweni ndani azindinyoza? Bweretsani botolo tiwerenge."

Anakhuthulira mapilisi m'dzanja, nawerenga. "Agogo, apa pali awiri owonjezera. Loweruka ndi Lamulungu munatani?"

"Ndinamwa! Mwina amaswana m'botolomo."

Anaseka onse awiri. Ine ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba mpaka misozi itasiya.

Ku siteshoni fayelo inkandidikira kuti ndiitseke. Patsamba lomaliza pali malo atatu ochongapo: woganiziridwa wamangidwa, woganiziridwa wathawa, mlandu wachotsedwa. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, n'kuchonga lachitatu. Kenako ndinabwereka pensulo kwa mnzanga, ndipo m'mphepete mwa pepalalo ndinalemba kuti: Ananena zoona, ndipo ntchito yamuthera.